A Ndadyakale, Amene Tinawadyetsa ndi Madandaulo

Inali sikisi koloko m'mawa, makala atagwira bwino, ketulo yachiwiri ili pambaula, ine ndikudula buledi mwana ali kumsana, pamene kunafika mdala wina wovala jekete lakuda lomwe linali litayamba kufiira m'mapewa. Anaima patsogolo pa benchi langa n'kumayang'anitsitsa chitini cha mkaka ngati chamutukwana. Ine pokhala mlendo mumsewumo, ndinachita zimene amayi anga anandiphunzitsa.

"Khalani pansi agogo, ndikuthirireni katiyi. Kunjaku kwazizira."

Makasitomala anga onse anasiya kutafuna. Wina anatsamwa ndi kuseka.

"Ndadya kale," anatero mdalayo. "Ndiponso musanditchule agogo. Chibale ndi chiphuphu chopanda envelopu. Tembenuzani chitinicho ndione deti."

Amenewo ndiwo anali a Ndadyakale, munthu amene sanalandirepo chilichonse chaulere kuchokera m'manja mwa wamalonda. Dzina lawo lenileni ndinalimva kamodzi kokha, kuchipatala, ndipo silinawakhale.

Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi ku ofesi ya boma yoteteza ogula. Ntchito yawo inali kuyendera mashopu ndi misika: kuyesa masikelo ndi miyala yachitsulo, kuwerenga madeti pazitini, kuona ngati botolo lolembedwa kuti lita ndi litadi, ndi kumva madandaulo a anthu opusitsidwa. Tsiku lomwe anayamba ntchito, bwana wawo anawauza kuti woyendera salandira kanthu kwa wamalonda, ngakhale madzi akumwa. Mawuwo analowa m'mutu n'kudzitsekera chitseko. Boma powapumitsa linawalanda chidindo, njinga ndi yunifolomu, koma linaiwala kuwauza kuti lamulo lija latha. Choncho m'mawa uliwonse ankayendabe mumsewu wathu ndi kabuku m'thumba. Mphamvu analibe, koma cholembera anali nacho, ndipo adiresi ya ofesi ankaidziwa pamtima.

Mvula ikagwa, ife tonse tinkathawira pakhonde la golosale. Iwo ankaima pakati pa msewu, madzi akuyenderera m'makutu.

"Bwerani muuse kuno, bwana!"

"Khondelo ndi la wamalonda. Lero ndiuse mvula, mawa ndipeze sikelo yake ikuba, ndiyankhula bwanji?"

Akagula matimati n'kuikiridwa limodzi labasela, ankalibweza ataligwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Tsiku lina anatsamwa ndi fumbi pafupi ndi shopu ya matumba a ufa, maso ali psuu, anthu akuthamanga ndi makapu a madzi. Munthu akulephera kupuma, koma mpweya wonenera kuti "Ndamwa kale" unapezeka. Akuti ngakhale pofunsira mkazi wawo anayamba afufuza ngati apongozi amagulitsa kanthu.

Anthu ankawaseka, inenso ndinkaseka nawo, kufikira mwezi umene ndinatsala pang'ono kutaya benchi langa.

Mumsewu wathu munali magolosale atatu, ndipo mwini wa yaikulu, bambo wamimba yake amene tonse timangomutcha a Golosale, sanakondwe kuti anthu ayamba kugula buledi kwa ine. Anaitana anzake awiri aja kuseri kwa shopu, n'kupangana zinthu ziwiri: onse azigulitsa buledi pamtengo umodzi wokwera, ndiponso auze dalaivala wa galimoto ya buledi kuti akangotsitsa thireyi pabenchi langa, atatu onsewo asiya kumuoda. Galimoto inayamba kundidutsa, dalaivala akuyang'ana kumwamba ngati kukudutsa ndege. Tiyi wopanda buledi ndani angamukhalire pansi? Masiku asanu ndinabwerera kunyumba ndi ketulo yodzaza. Bambo a mwana anali atayamba kale kunena zoti ndingosiya.

A Ndadyakale anandipeza ndikulira mobisa, ndikunamizira utsi.

"Amake mwana, buledi ali kuti?"

Ndinawafotokozera. Anatulutsa kabuku, n'kunyowetsa chala.

"Anali angati? Tsiku lanji? Dalaivala ananena mawu ati enieni? Musawonjezere mchere, boma silidya zamchere."

Kenako analunjika kugolosale, ine ndili pambuyo.

"Takulandirani bwana wopanda ofesi," anatero a Golosale. "Tikupatseni kabotolo kozizira?"

"Ndamwa kale. Inu amalonda mukapikisana, wopindula ndi wogula. Mukapangana, mwamutsekera m'khola. Lamulo limaletsa zimenezo."

"Lamulo lake liti? Inu anakulandani chidindo ine ndisanamere mimba."

"Anandilanda chidindo. Sitampa amagulitsabe kupositi."

Patatha masabata awiri kunabwera galimoto ya boma. Munatsika mayi wamagalasi, wosaseka, amene tinamva kuti ntchito anamuphunzitsa ndi a Ndadyakale. Ife tinangomutcha Mayi a Boma. Anafunsa dalaivala payekha, eni magolosale payekhapayekha, ndipo pofika masana aliyense anali akuloza mnzake. Atatuwo anapatsidwa makalata ndi chindapusa, ndipo m'mawa mwake galimoto inaima pabenchi langa, dalaivala akundipatsa moni ngati mlongo wake wotayika.

Ndinasankha buledi wofewa kuposa onse, ndinamukulunga bwino, n'kuwapatsa a Ndadyakale ndi manja awiri. Nkhope yawo inagwa ngati ndawamenya mbama.

"Amake mwana, zaka zonsezi fayilo yanga ilibe kadontho. Mukufuna muidetse inuyo?"

Ndinachita manyazi, ndinabweza manja.

Chaka chotsatira akazi awo anamwalira, ndipo zinthu zinayamba kutsetsereka. Mwana wawo yekhayo anali kutali, kudziko lina, nayenso akuvutika. Kapenshoni kawo kankathera m'mankhwala. Poyamba anasiya kugula nyama, kenako mazira, kenako tinangoona kuti sakugulanso kanthu. Lamba anamubooleza mabowo atsopano ndi msomali. Jekete lija linayamba kuoneka ngati lapachikidwa pampando. Mayi a Mpunga, amene amaphika mpunga ndi nyemba moyang'anana ndi benchi langa ndipo ankakhala moyandikana ndi a Ndadyakale, anandinong'oneza kuti papita masiku atatu osamva fungo la moto kunyumba kwawo.

Koma "Ndadya kale" yekha sanaonde.

Tinayesa zonse. Tinasiya thumba la mpunga pakhomo pawo. Analinyamula, akupumira m'njira, n'kukalipereka kwa mlonda wa msika kuti ndi katundu wotayika. Tinati titumize munthu wosachita malonda, koma mumsewu wathu munthu wotere mungamupeze kuti? Tinatuma mkazi wa aphunzitsi. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu si mumagulitsa mazira pawindo?"

Anabwerera ndi mbale yake.

M'mawa wina ndinawaona akugwira mtengo wa magetsi kuti asagwe. Ndinadziwa kuti tikapanda kuchita kanthu, munthu uyu afa ndi njala pakati pa msewu wodzaza ndi zakudya, tonse tikumuona.

Nzeru inabwera ndi kasitomala wovuta. Telala wina, amene sakhutira ndi chilichonse, anakankha kapu yake n'kukuwa kuti mkaka wanga ndi madzi okhaokha. A Ndadyakale anali pafupi. Makutu anaima.

"Limenelo ndi dandaulo?"

"Ndi dandaulo!"

"Amake mwana, thirani kapu ina kuchokera m'ketulo yomweyo."

Ndinathira. Ananunkhiza, anamwa pamwamba, anadikira. Anamwa pakati, analemba m'kabuku. Anapendeketsa kapu n'kumwa zapansi. Ndinaona kholingo likukwera ndi kutsika.

"Bambo, si mwamwa tiyi wa wamalonda?"

"Kulawa si kudya, ndi ntchito. Sampulo amayesa patatu: pamwamba, pakati ndi pansi. Mkakawu ulibe mlandu. Telala, pepesani."

Masana omwewo ndinaitana Mayi a Mpunga n'kuwauza kuti chakudya chikakhala ndi dandaulo, mdala amadya. Mutu umodzi susenza denga, choncho tinapitanso kwa a Golosale, ngakhale kuti ine ndi iwo tinali tisanapatsane moni chichokereni nkhani ya buledi. Anamvetsera akukanda mimba.

"Mdala amene anandilipitsa chindapusa, ndimudyetse ine?"

"Mukapanda kutero, muzikangana ndi ndani?" anatero Mayi a Mpunga.

A Golosale anakandanso mimba. "Ndiyambe ndi mazira kapena majarini?"

Vuto linali lakuti munthu sangadzidandaulire yekha, choncho tinagawana. Ine ndinkadandaula za mpunga, Mayi a Mpunga za katundu wa m'golosale, a Golosale za tiyi ndi buledi wanga. Tsiku loyamba ndinayamba ndine, ndikuyang'ana pansi chifukwa bodza sindinalizolowere.

"Bambo, mpunga wa mayiwa uli ndi mchenga."

"Mchengawo uli pati?"

"Pansi penipeni pa mbale."

Anakhala pamwala, chifukwa benchi linali la wamalonda, n'kuyamba kufufuza ndi supuni. Anafufuza mpaka mbale inawala.

"Mchenga sindinaupeze."

"Mwina unathawira m'nyemba," ndinatero. Nyemba nazo zinafufuzidwa.

A Golosale ndiwo anaikonda ntchitoyi kuposa muyeso. Ankaima pakhonde n'kukuwa msewu wonse ukumva.

"Buledi wa mayi uyu ndi wa chaka chatha! Ndinamenyera msomali dzulo!"

"Nanga mazira anu?" ankayankha Mayi a Mpunga. "Ndinaswa limodzi, munatuluka tambala akulira kale!"

"Amenewo ndi madandaulo awiri," ankatero a Ndadyakale, akunyowetsa chala. "Dzira liphikidwe, laliwisi siliulula. Buledi apakidwe majarini, tione ngati akugwira."

Telala analowa nawo, wogulitsa nthochi analowa nawo, wa butchala anayamba kunenedwa kuti nyama yake ndi yolimba ngati tayala, ndipo Lachisanu lililonse inkayesedwa yokazinga. Msewu umene unali wamtendere unasanduka wa milandu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Alendo ankadabwa kuti anthu otukwanizana chonchi akubwerekana bwanji mipeni. Pakutha pa mwezi masaya a mdala anayamba kubwerera, lamba anabwerera bowo limodzi, ndipo mawu anayambanso kumveka mpaka kumapeto kwa msewu.

"Malonda aipa masiku ano," anandiuza tsiku lina akupukuta pakamwa. "Sindinaonepo madandaulo ochuluka chonchi. Ndikumagona wotopa."

Ndinaseka mpaka mwana anadzuka. Chimene tonse tinaiwala n'chakuti munthu uja ntchito sankaisiyira panjira. Dandaulo lililonse ankalilemba, ndipo pakutha pa miyezi iwiri anazikopera zonse bwinobwino n'kutumiza ku ofesi.

Galimoto ya boma inafika Lachiwiri cha m'ma teni. Mayi a Boma anatsika ndi anzawo awiri, mabotolo, timatumba ndi sikelo yawo.

"Msewu umodzi, madandaulo makumi asanu ndi anayi kudza atatu," anatero. "Kapena muno mukugulitsa poizoni, kapena pali china."

Anatenga masampulo enieni, osati a pamwamba, pakati ndi pansi. Anati benchi langa ndi malo a Mayi a Mpunga zitsekedwe mpaka zotsatira zitabwera, chifukwa ndi ife tinanenedwa kwambiri. Sikelo ya a Golosale, imene palibe anaidandaula, inapezeka kuti ikudya pang'ono pa kilo iliyonse, ndipo anaimata pepala lofiira.

"Koma ine ndimathandiza nawo!" anakuwa a Golosale.

"Kuthandiza chiyani?" anafunsa Mayi a Boma.

Anthu onse anayang'ana ine. Ndinawakokera mayiwo kuseri kwa mulu wa makatoni n'kuwauza zonse: za lamba, za mtengo wa magetsi, za mchenga wothawira m'nyemba. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ngakhale anali oyera.

"Mayi, mukudziwa kuti tili anthu anayi okha oyendera chigawo chonse? Lero timayenera kukhala kwina, kumene akugulitsa mankhwala a ana otha ntchito. Dandaulo labodza limaba tsiku la munthu amene akuvutikadi." Anavalanso magalasi. Mawu anatsika. "Akudya bwino tsopano?"

"Akudya."

"Ine anandiphunzitsa kukana ngakhale switi. Sindinaganizepo kuti adzafika pokana moyo."

Titatuluka kuseri kuja tinawapeza a Ndadyakale ataima pomwepo, kabuku kali m'manja. Makatoni si khoma. Anali atamva zonse.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anandiyang'ana ine, anayang'ana Mayi a Mpunga, anayang'ana mimba yawo.

"Ndiye kuti miyezi iwiri yonseyi ndakhala ndikudya chiphuphu."

"Si chiphuphu, bambo. Sitinafune kanthu kwa inu."

"Onse amatero." Anatembenukira kwa Mayi a Boma n'kuvula chipewa, munthu wamkulu kuvulira chipewa mwana amene anamuphunzitsa yekha. "Ndakutayitsani tsiku, ndatsekeretsa anthu osalakwa. Mulembe kuti wolakwa ndine."

Anapita pang'onopang'ono, osayang'ana deti la chitini chilichonse.

Zotsatira zinabwera patatha masiku anayi, zonse zili bwino, ndipo tinatsegulanso. Koma iwo sanabwerenso mumsewu. Tikagogoda ankayankhira m'kati kuti ali bwino. Ndinkagona ndikudzifunsa ngati ndinawathandiza kapena ndinawapha, chifukwa njala inawalanda mnofu wokha, koma ine ndinawalanda chinthu chimene ankaimirira nacho. Bambo a mwana ankati ndisadziimbe mlandu. Kunena n'kosavuta.

Sabata yachitatu Mayi a Mpunga anaona kuti chitseko sichinatsegulidwe mpaka masana. A Golosale anachithyola ndi phewa, n'kuwanyamula okha ngati mwana mpaka pamsewu waukulu. Akuti ali m'manjamo anatsegula diso limodzi n'kufunsa ngati kunyamulidwako n'kwaulere. A Golosale anati, "Khalani chete, mdala, ndikulipiritsani kawiri," misozi ikugwera pajekete.

Ndinapita kukawaona kuchipatala Lamlungu masana. Ndinapita chimanjamanja, mwadala, ndipo polowa ndinawaonetsa manja onse awiri. Anamwetulira pang'ono. Anali atachepa kwambiri moti bulangete linkaoneka ngati layalidwa pabedi lopanda munthu. Anati chakudya cha m'chipatala akudya, chifukwa ndi cha boma, koma chilibe mchere ndipo alemba kalata.

"Mwanayo wayamba kuyenda?"

"Wayamba, akugwetsa makapu."

"Muzimuwerengera madeti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Anatsokomola. "Ndakhala ndikuganiza, amake mwana. Wopereka chiphuphu amabwera kudzatenga chake. Ndadikira masabata atatu. Palibe wabwera."

"Sitibwera, bambo."

"Ndaona. Ndiye kuti chinali chinthu china. Zaka zonse zija sanatiphunzitse dzina lake, ndipo fomu yake kunalibe." Anayang'ana kudenga. "Mchenga wothawira m'nyemba. Ndipo ine ndinalemba."

Tinaseka tonse awiri mpaka namwino anasuzumira. Ndinakhala nawo mpaka belu lotulutsa alendo linalira. Anamwalira m'mawa mwake, dzuwa litangotuluka, ine ndili m'njira.

Msewu wathu tsopano uli phee. Palibe amene amanena kuti buledi wanga ndi womenyera misomali, ndipo sindinkadziwa kuti munthu angasowe kutukwanidwa. Mayi a Boma amabwerabe kawiri pachaka, amagwira ntchito yawo bwino, koma anthu anayi sangaime pa sikelo iliyonse m'mawa uliwonse. Zitini zina zayamba kuikidwa deti litayang'ana kukhoma. Mtengo wa shuga ukumakwera tsiku limodzi m'mashopu onse, ngati analota loto limodzi. Mwezi watha ndinalemba ndekha kalata ku ofesi, zilembo zokhotakhota, popanda kuwonjezera mchere. A Golosale, amene kalatayo ikuwakhudza, ndiwo anandiuza kalembedwe ka adiresi. Anati bola kukangana ndi ine kusiyana ndi kukhala osakangana ndi aliyense.

Pali chimodzi chimene sindinauze anthu a mumsewu, chifukwa ndikachiyamba pakamwa mawu amandithera. Belu lija litalira, ndinaimirira n'kumanga mwana kumsana. Ndili pakhomo anandiitana, ndipo sanati amake mwana.

"Mdzukulu wanga," anatero, "mawa ubwere ndi tiyi wako uja. Wamkaka, shuga masupuni atatu, ndi buledi wopaka mbali zonse ziwiri. Usabwere ndi dandaulo. Ungondipatsa. Sindinadye."